Chidebe Cholimba Chimadziwika Musanachigule

Mukawerenga ziwiya za pakhomo lililonse ku Chibavi, ku Katawa, ku Masasa kapena ku Zolozolo, mupeza kuti zambiri ndi zapulasitiki: chidebe chotungira madzi, beseni losambitsiramo mwana, makapu, mbale, bakuli losungiramo nsima, ndi mipando yolandirirapo alendo. Makolo athu ankasunga madzi mumtsuko n'kumatunga ndi chikho. Ife tasamukira ku pulasitiki chifukwa ndi yopepuka, sichita dzimbiri ndiponso mtengo wake ndi wofikirika.

Komabe tonsefe tikudziwa kuti zidebe ziwiri zooneka zofanana sizikhalitsa mofanana. China chimatumikira banja zaka zingapo, pamene china chimang'aluka mwezi usanathe, kapena chogwirira chake chimathothoka mayi ali pakati pa njira ndi madzi kumutu. Ambiri timangoti ndi tsoka. Zoona zake n'zakuti kulimba kwa chidebe kumagamulidwa m'masekondi ochepa amene chimakhala m'makina, ndipo zimene zinachitika m'masekondi amenewo zimasiya zizindikiro zimene diso, dzanja ndi mphuno ya wogula zingathe kuzindikira.

Chikombole chachitsulo

Aliyense amene anaumbapo njerwa akudziwa kale theka la nkhaniyi. Woumba amaponda dothi, amaliponya m'chikombole, amalitsendera kuti lifike m'makona onse, kenako amakhuthula njerwa. Ku fakitale ya pulasitiki amachitanso chimodzimodzi, kungoti chikombole chake n'chachitsulo, chili ndi mbali ziwiri zotsekana, ndipo m'malo mwa dothi amagwiritsa ntchito pulasitiki yosungunuka.

Pulasitiki imafika ku fakitale ili tinjere tonga mpunga, m'matumba a makilogalamu 25. Tinjereto amatithira m'chifanelo pamwamba pa makina, n'kugwera mumpope wotentha. M'kati mwa mpopewo muli chitsulo chamizeremizere chonga bawuti yaikulu, chimene chimazungulira n'kumasakaniza tinjereto mpaka titasungunuka ngati phala, pa kutentha kwa madigiri 200 kapena kuposerapo. Kenako chitsulo chomwecho chimakankha phalalo mwamphamvu kudzera pakabowo kakang'ono n'kulowa m'chikombole, monga mmene namwino amakankhira mankhwala pobaya jakisoni. Madzi ozizira amene amayenda m'timipata ta m'chikombole amaumitsa pulasitikiyo, chikombole chimatseguka, chidebe n'kugwa. Nthawi zambiri zonsezi sizitha ngakhale mphindi imodzi. Mukatembenuza chidebe kapena beseni, pakati penipeni pansi pake muona kachiphuphu konga mchombo. Pamenepo ndi pamene phala lija linalowera.

Luso limeneli si la dzulo. Mu 1872, John Wesley Hyatt ndi mbale wake Isaiah, a ku America, analembetsa makina oyamba a mtunduwu, ndipo ankapangira zinthu zing'onozing'ono monga zipeso ndi mabatani. Mu 1946, James Watson Hendry anapanga makina okhala ndi chitsulo chozungulira chija, ndipo ndi amene afala padziko lonse lero. Pulasitiki ya polypropylene, imene imapanga mabeseni ndi mipando yambiri, inatulukira m'zaka za m'ma 1950, ndipo Giulio Natta wa ku Italy ndi Karl Ziegler wa ku Germany analandira mphoto ya Nobel mu 1963 chifukwa cha kafukufuku wa mapulasitiki otere.

Si chiwiya chilichonse chimene chimapangidwa motere. Zigubu ndi mabotolo amachita kuzifufumitsa ndi mpweya m'chikombole, pamene majumbo amachokera ku makina ena amene amatulutsa pulasitiki yopyapyala ngati pepala. Koma zidebe, mabeseni, makapu, zivindikiro, makireti ndi mipando zimachita kuumbidwa monga tafotokozeramu.

Pamene zinthu zimalakwikira

Woumba njerwa akafulumira, njerwa imatuluka yopanda kona kapena yokhota. Pulasitiki nayo imaulula wopanga wake. Phala likalowa lisanatenthe mokwanira, kapena likakankhidwa mofooka, silifika kumapeto kwa chikombole, ndipo mkombero wa chidebe umatuluka woperewera. Chikombole chikatha kapena chikapanda kutsekeka bwino, phala limadontha m'mbali n'kusiya timapepala takuthwa tocheka zala. Kutentha kukapitirira, kapena mpweya ukatsekeredwa m'kati, pamatsala madontho akuda opserera. Tinjere tikalowa tili ndi chinyezi, chiwiya chimatuluka ndi mizere yotuwa.

Pali cholakwika china chimene chimabisala kwambiri. Phala likamayenda m'chikombole n'kukumana ndi bowo, monga la chogwirira, limagawikana pawiri n'kukakumananso kutsogolo. Likakumana litayamba kale kuzizira, silimatana bwino, ndipo pamatsala kamzere kosaoneka bwino konga tsitsi. Pamenepo ndi pamene chidebe chimayambira kung'aluka, ndipo n'chifukwa chake zidebe zambiri zimathothokera pamakutu pomwe pamakoloweka waya.

Mwa nthawi yonse imene chiwiya chimakhala m'makina, yoposa theka ndi yodikira kuti chizizire. Apa ndi pamene pali chiyeso cha mwini fakitale. Akadula masekondi angapo pa chidebe chilichonse, pakutha kwa tsiku apanga zidebe zambiri. Koma chidebe chotulutsidwa chisanaume chimapotoka, chivindikiro sichikhala bwino, ndipo m'kati mwa pulasitiki mumatsala kukokana kumene kudzaonekera tsiku lina ngati mng'alu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusunga ndalama koona ndi kwachinyengo

Tisaiwale kuti opanga pulasitiki m'dziko muno amagwira ntchito movutikira. Malawi sapanga tinjere ta pulasitiki. Timachokera kunja ndipo timagulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa tinjereto unakwera nthawi yomweyo. Magetsi nawo ndi nkhani ina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima makina ali pakati pa ntchito, phala limaumira mumpope, ndipo akayaka pamafunika nthawi yotenthetsanso ndi kutaya zoyamba kutuluka. Mafakitale ambiri a pulasitiki ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho chidebe chisanafike mu Mzuzu chimakhala chitayenda makilomita oposa 350 kapena oposa 600 pamsewu wa M1. Katundu wina amalowera pachipata cha Songwe kuchokera ku Tanzania.

Pamavuto oterewa pali njira ziwiri zochepetsera ndalama zopangira katundu. Njira yoona ndi ya kusamala. Fakitale yabwino imatsuka timipata ta madzi ta m'chikombole kuti chiwiya chizizire msanga komanso mofanana mbali zonse. Imalemba kutentha, mphamvu ndi nthawi zimene zinatulutsa katundu wabwino, kuti wogwira ntchito usiku asayambirenso kuyerekeza. Imayeza kulemera kwa chidebe pafupipafupi, chifukwa kulemera kukasintha ndiye kuti china chake chasokonekera. Imatenga zidebe zina n'kuzidzaza madzi, kuzigwetsa pansi ndi kuzipachika pachogwirira kuti ione ngati zipirira. Imaphunzitsa antchito ake ndi kusamalira chikombole, chimene mtengo wake ndi waukulu zedi. Fakitale yotere imataya katundu wochepa, imaononga magetsi ochepa, ndipo phindu lake limachokera pamenepo.

Njira inayo ndi yodulira. Wopanga amachepetsa kuchindikala kwa chidebe kupyola muyeso. Amachulutsa ufa wa miyala ya laimu, umene ndi wotsika mtengo kuposa pulasitiki. Wochepa ulibe vuto, koma ukachuluka chidebe chimalemera m'manja ngati cholimba pamene chili chophweka ngati bisiketi. Amasiya kuikamo mankhwala oteteza ku dzuwa. Amagayanso pulasitiki yakale yosadziwika kumene yachokera n'kuisakaniza ndi yatsopano. Kugayanso zotsalira zaukhondo za m'fakitale momwemo ndi nzeru yabwino ndipo mafakitale onse amatero pamlingo woyenera. Koma pulasitiki ikasungunulidwa kambirimbiri imafooka, ndipo yotoledwa kudzala ikhoza kukhala itasungapo chilichonse. Ndalama imene wopanga wotereyu wapulumutsa imalipiridwa ndi banja logula.

Chifukwa chake ndi nkhani ya umoyo

Wina angafunse kuti nkhani ya makina ikufuna chiyani pakati pa nkhani za umoyo wa pabanja. Yankho lili m'madzi amene timamwa. Madzi akhoza kutuluka aukhondo pampopi koma n'kuipitsidwa pakhomo, kudzera m'manja ndi m'makapu oviikidwa m'chidebe chosavindikira. Umboni wina wodziwika bwino pankhaniyi unachokera m'dziko lathu lomwe lino. Ofufuza anagawa zidebe za malita 20 zokhala ndi chivindikiro ndi mlomo wothirira kwa mabanja ena pamsasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, pomwe pankakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2001 m'magazini ya bungwe la World Health Organization, zinaonetsa kuti tizilombo tochokera m'chimbudzi tinachepa ndi 69 peresenti m'madzi a m'zidebezo, ndipo kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu kunachepa ndi 31 peresenti. Gwero la madzi linali lomwe lija. Chinasintha ndi chotengera.

Tikukumbukiranso kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Nkhata Bay, pafupi ndi ife pomwepa, anavutika kwambiri. Pa nthawi ngati imeneyo chivindikiro chopotoka chimene sichitseka si nkhani yaing'ono. Mng'alu ndi mikwingwirima ya m'kati mwa chidebe imasunga litsiro limene sopo safikako.

Palinso nkhani ya zimene zili m'pulasitikimo. Ofufuza a ku yunivesite ya Plymouth ku England anapeza kuti ziwiya zina zakuda zapulasitiki zimakhala ndi mankhwala oletsa moto ndiponso zitsulo zoopsa monga mtovu, chifukwa zinapangidwa kuchokera ku zikhokho za mawailesi a kanema ndi makompyuta akale. Izi sizikutanthauza kuti chiwiya chakuda chilichonse n'choipa. Koma mtundu wakuda umabisa kusakanizika kwa pulasitiki yakale, choncho beseni lakuda lopanda dzina la wopanga ndi bwino lizichapira zovala, lisamasunge chakudya kapena madzi akumwa.

Mukafika pamsika

Kaya mukugula mumsika waukulu wa Mzuzu, ku Zigwagwa, ku Taifa kapena kwa wamalonda woyenda ndi katundu panjinga, musachite manyazi kuchigwira chiwiyacho ndi kuchitembenuza. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yambani ndi pansi pake. Wopanga amene amakhulupirira katundu wake amadinda dzina lake pamenepo. Funani chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene lakhala likugwira ntchito kuyambira 1972. Muonanso kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati, kamene kanayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1988. Nambala 2 ndi 5 ndi mitundu imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ziwiya za chakudya ndi madzi, ndipo nambala 5 ndi imene imapirira bwino kutentha. Nambala 1 ndi ya mabotolo a madzi ndi zakumwa, ndipo safuna madzi otentha. Nambala 3 ndi ya mapaipi, nambala 6 ndi ya timbale tophweka tonyamuliramo chakudya, pamene 7 ndi ya mitundu ina yonse. Dziwani kuti nambalayi imangotchula mtundu wa pulasitiki, siilonjeza kuti chiwiyacho n'choyenera chakudya. Chimene chimanena zimenezo ndi chithunzi cha kapu ndi foloko.

Kenako chikwezeni chiwiyacho padzuwa. Kuwala kuzidutsa mofanana mbali zonse. Mbali imodzi ikawala kwambiri ndiye kuti ndi yopyapyala. Onani ngati muli timadontho takuda, timiyala kapena mizere ya mitundu yosiyana. Finyani mkombero pang'ono ndi manja awiri. Pulasitiki yabwino imapindika n'kubwerera, pamene yochuluka laimu imauma gwa, imachita phokoso lothetheka, kapena imasiya mzere woyera pomwe yapindika. Yendetsani chala mumkombero kuti mumve ngati muli zakuthwa. Yang'anitsitsani makutu a chogwirira, ndipo akhale ochindikala ndi opanda kamzere kodutsa pabowo. Ikani chivindikiro n'kuona ngati chikukhala popanda kukakamiza. Pomaliza nunkhizani. Chiwiya chonunkha mafuta, utsi kapena mankhwala chisalowe m'khitchini mwanu.

Mpando nawo uyeseni. Uikeni pamalo osalala, muone ngati miyendo yonse inayi ikugunda pansi. Utembenuzeni muone nthiti zolimbitsa za kunsi kwake ndi pomwe miyendo imalumikizana ndi pokhalira. Amene amagulira mpingo kapena sukulu mipando yambiri nthawi imodzi achita bwino kugula umodzi kaye n'kuuyesa, chifukwa mpando ukathyoka agogo atakhalapo, chovulala si mpando wokha.

Za mtengo, tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti chidebe china chikugulitsidwa theka la mtengo wa chinzake, koma chimatha miyezi inayi, pamene chodulacho chimatha zaka ziwiri. Pa zaka ziwirizo mugula zotchipazo kasanu ndi kamodzi, ndipo mudzakhala mutalipira katatu mtengo wa chabwino chija. Tikudziwa kuti masiku ena m'thumba mumangokhala ya chotchipacho, ndipo palibe wolakwa pamenepo. Koma ngati n'kotheka kudikira sabata imodzi kapena ziwiri, chidebe cha madzi akumwa ndicho choyenera kuchidikirira.

Kusamala zimene tagula

Ngakhale chidebe chabwino chili ndi adani ake, ndipo wamkulu ndi dzuwa. Mzuzu ndi wozizira, koma ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo cheza cha dzuwa chimene chimadya pulasitiki sichidalira kutentha. Chiwiya chikayamba kusuluka ndi kutuwa ngati chathiridwa ufa, chayamba kufumbutuka, ndipo tizidutswa take tikhoza kulowa m'madzi. Mukatsuka, yanikani pamthunzi kapena chotsani pathandala chikangouma. M'mawa wa Juni ndi Julaye pulasitiki imakhala youma kuposa masiku otentha, choncho musaiponye pansi.

Posambitsa mwana, yambani kuthira madzi ozizira m'beseni kenako otentha. Mukatero mwateteza beseni, komanso mwateteza khungu la mwana amene angaponde m'madzimo inu mutatembenuka. Phala kapena ndiwo zongochoka pamoto zidikire pang'ono zisanalowe m'bakuli lapulasitiki, ndipo musavindikire nsima kapena mbatata ndi jumbo mumphika uli pamoto. Tsukani chidebe cha madzi ndi sopo ndi kansalu kofewa. Mchenga ndi waya wotsukira mapoto zimakanda m'kati n'kupangira tizilombo pobisala.

Chidebe cha madzi akumwa chikhale chakechake, chovindikira, ndipo ngati n'kotheka chokhala ndi kampopi kuti dzanja lisalowemo. Chidebe chimene munali penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu chisasungepo madzi kapena ufa ngakhale mutachitsuka kangati, chifukwa pulasitiki imamwa mankhwalawo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ndipo makolo tisaiwale kuti mwana wongoyamba kuyenda akhoza kugweramo chamutu m'chidebe cha malita 20 n'kulephera kudzuka, ngakhale madzi ali ochepa. Chidebe chokhala ndi madzi chisasiyidwe chosavindikira pamene pakusewera ana.

Chikatha ntchito

Chidebe chong'aluka chikhoza kusunga makala kapena kudzalamo tomato ndi anyezi mukachiboola pansi. Chimene sitiyenera kuchita ndi kuchitentha kapena kudula zidutswa zake n'kumakolezera mbaula. Utsi wa pulasitiki umapweteka mapapo, makamaka a ana ndi a anthu odwala mphumu, ndipo mitundu ina imatulutsa poizoni amene amakhalitsa m'thupi ndi m'nthaka. Tisachitayenso mungalande. Mzinda wathu, umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 220,000, umalandira mvula yambiri, ndipo ngalande yotsekeka imabweza madzi m'nyumba za anthu ndi kuswetsa udzudzu. Zimene zakokoloka zimakathera m'madambo ndi mumtsinje wa Lunyangwa. Kumene kuli otolera pulasitiki yolimba yokagayanso, apatseni. Ikhoza kukakhala chiwiya china chosakhudza chakudya.

Boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana mamaikironi 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale milandu inapitirira zaka zina pambuyo pake. Lamulo limenelo likukhudza majumbo. Pa zidebe, mabeseni ndi mipando, woyang'anira wapafupi kwambiri ndi wogula. Wamalonda amaoda zimene zikuyenda malonda, ndipo fakitale imapanga zimene wamalonda akuoda. Mayi mmodzi akabweza chidebe chifukwa chivindikiro sichikutseka, wogulitsa amangoseka. Amayi makumi awiri akachibweza sabata imodzi, uthengawo umayenda pamsewu wa M1 mpaka kukafika kwa amene amatembenuza mabatani a makina, ndipo iye amawonjezera masekondi aja amene anadula.